Matenda a shuga: kuyeza, kudya ndi kumwa mankhwala mosalakwitsa

Matenda a shuga sapweteka poyamba. Munthu amatha kukhala nawo zaka zingapo akulima, akupita kuntchito, akudya bwinobwino, pamene mitsempha ya m'maso, ya mu impso ndi ya m'mapazi ikuwonongeka pang'onopang'ono, ngati mtengo wa denga umene chiswe chikudya mkati koma kunja ukuonekabe wolimba. N'chifukwa chake mawu akuti "ndikupeza bwino" sangakhale muyezo. Muyezo weniweni ndi nambala ya pa makina, kukula kwa mtanda wa nsima, ndi zimene mwaona pansi pa phazi lanu musanagone.

Si matenda a anthu olemera okha ayi. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga wokwera, ndipo munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP. Matenda awiriwa amayendera limodzi, ndipo amawononga ziwalo zomwezomwezo.

Chimene chimasokonekera m'thupi

Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata ndi buledi zikagayika m'mimba zimasanduka shuga wolowa m'magazi, ngakhale kuti pakamwa sizitsekemera. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu momwe amapereka mphamvu, pamafunika insulini. Insulini imapangidwa ndi kapamba, kachiwalo kamene kali kuseri kwa chifu.

Kwa ena, makamaka ana ndi achinyamata, chitetezo cha thupi chimawononga mbali ya kapamba yopanga insulini mpaka imasiyiratu. Umenewu ndi mtundu woyamba wa matenda a shuga. Subwera chifukwa cha kudya masuwiti kapena kulekerera kwa makolo, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa insulini basi, tsiku lililonse, moyo wonse. Anthu ambiri ali ndi mtundu wachiwiri. Apa insulini ilipo, koma minofu ndi chiwindi sizikuimvera bwino, choncho kapamba amagwira ntchito mopitirira muyezo mpaka amafooka. Chimene chimathandizira kwambiri zimenezi ndi mafuta a pamimba, kukhala tsiku lonse osatuluka thukuta, kukula kwa msinkhu ndi kumtundu: ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu wa bere limodzi ali ndi shuga, inunso kayezetseni. Mankhwala ena monga prednisolone amakwezanso shuga akamwedwa nthawi yaitali. Palinso shuga wobwera ndi pakati, amene nthawi zambiri amatsika mayi akachira, koma amasiya chenjezo lakuti mtundu wachiwiri ungabwere m'tsogolo. Mayi amene anaberekapo mwana wolemera makilogalamu oposa 4 azinena zimenezi kusikelo.

Tengani tepi ya telala muyeze m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya. Bambo akapitirira masentimita 94, mayi akapitirira 80, mafuta a pamimba achuluka. Komabe musanamizidwe ndi kuchepa thupi. Kuno ku Africa anthu ambiri amapezeka ndi shuga ali ochepa thupi ndithu.

Shuga akapitirira pafupifupi 10 mmol/L, impso zimalephera kumubweza m'magazi ndipo amatulukira mumkodzo atakoka madzi ambiri. Apa ndi pamene zizindikiro zodziwika zija zimachokera: kudzuka kangapo usiku kukakodza, ludzu losatha, nyerere kuunjikana pamene mwakodza, kuonda chonsecho mukudya, kufooka, kuona mwachimbuuzi, zithupsa zobwerabwera, kuyabwa kumaliseche, zilonda zosapola msanga. Mwana amene anasiya kale kukodza pogona akayambiranso, uku akumwa madzi kwambiri ndi kuonda, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa mwana matendawa amafika poipa m'masiku ochepa chabe.

Manambala oyenera kuwadziwa pamtima

Makina oyezera shuga alipo a mitundu iwiri. Ena amaonetsa mmol/L, ena mg/dL, ndipo anthu ambiri amachita mantha kapena kusekerera pachabe chifukwa chosadziwa makina amene agwiritsa ntchito. Kuti musinthe mg/dL kukhala mmol/L, gawani ndi 18. Ndiye kuti 126 pa makina ena ndi 7.0 pa enawo, ndipo 180 ndi 10.

Munthu amapezeka kuti ali ndi matenda a shuga ngati m'mawa asanadye, atakhala maola 8 osalawa kanthu kupatula madzi, shuga wake wafika 7.0 mmol/L kapena 126 mg/dL kupita m'mwamba. Ngati wayezedwa nthawi ina iliyonse ndipo ali ndi zizindikiro, malire ndi 11.1 mmol/L kapena 200 mg/dL. Wopanda zizindikiro ayezedwenso tsiku lina asanauzidwe kuti ali ndi matendawa. Nambala ya m'mawa ikakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9, matenda sanakhazikike koma ali pakhomo, ndipo imeneyi ndi nthawi imene kuchepetsa thupi ndi kuyenda kumathandiza kwambiri. Pali kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. 6.5% kupita m'mwamba ndi matenda, ndipo amene ali kale pa mankhwala ambiri amafunika kukhala pansi pa 7%. Kuyeza kumeneku kumanamiza kwa munthu wochepa magazi, wa matenda a magazi otchedwa sickle cell, woyembekezera kapena amene waikidwa magazi posachedwa.

Mukayamba mankhwala, cholinga cha akuluakulu ambiri n'chakuti m'mawa shuga azikhala pakati pa 4 ndi 7 mmol/L, ndipo patatha maola awiri mutadya asapitirire 10. Kwa agogo kapena odwala impso, a dokotala amatha kukweza malirewa dala poopa kutsitsa shuga mopitirira.

Ngati muli ndi makina kunyumba, zolakwika zambiri zimachitikira pa chala. Sambani m'manja ndi sopo, pukutani mpaka muume. Chala chimene chagwira mango kapena nzimbe chimapereka nambala yokwera yabodza, ndipo chala chonyowa chimasungunula magazi n'kutsitsa nambala. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakatikati pomwe pamapweteka kwambiri, ndipo musafinye mwamphamvu. Timapepala toyezera tizikhala ta makina omwewo, tosatha nthawi, ndipo kabotolo kake kazitsekedwa msanga chifukwa chinyezi chimatiwononga. Makina akalemba HI, shuga wakwera kupitirira pamene angawerenge. Akalemba LO, watsikitsitsa. Zonse ziwiri n'zofunika kuchitapo kanthu nthawi yomweyo. Lembani nambala iliyonse m'kope, ndi tsiku, nthawi ndi chimene munadya.

Nkhani ya nsima

Palibe chifukwa chosiyira nsima, ndipo malangizo oti musiyiretu sagwira chifukwa palibe amene amawatsatira kwa nthawi yaitali. Nkhani yagona pa kuchuluka kwake. Anthu ambiri akauzidwa kuti adye mgaiwa amamva ngati apatsidwa chilolezo chodya mitanda itatu. Mgaiwa ndi wabwino ndithu kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi zina zofunika m'thupi zimakhalamo, koma ndi chimanga chomwecho, ndipo mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga kwambiri. N'chimodzimodzi nsima ya mapira, ya mawere ndi kondowole.

Yambani ndi mbale. Theka lake likhale ndiwo zamasamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, luni, kholowa, khwanya, therere, kabichi. Theka lotsalalo muligawe pawiri. Mbali imodzi ikhale ya nyemba, nandolo, khobwe, nzama, usipa, matemba, dzira kapena nkhuku yochotsa khungu. Mbali inayo ndiye ya nsima, mtanda umodzi waukulu ngati nkhonya yanu. Yambani kudya masamba ndi ndiwo zinazo nsima isanalowe, chifukwa zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Kudyera mbale imodzi ndi banja lonse kumavuta poyeza, choncho wodwala apakuliridwe payekha. Kumeneku si kumusala ayi, ndipo zimayenda bwino kwambiri wophika pakhomo akapita nawo kuchipatala kukamva yekha.

Musaphatikize zokhutitsa ziwiri pa chakudya chimodzi. Ngati pali mpunga, mbatata idikire. Ngati m'mawa mwadya chinangwa, buledi asakhalepo. Phala la ufa woyera lothira shuga limalowa m'magazi mofulumira kwambiri. La mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, lopanda shuga, kapu imodzi, ndi labwinopo.

Zakumwa ndiye zimapweteka anthu mosadziwa, chifukwa sizikhutitsa. Botolo la mamililita 300 la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 8. Thobwa, maheu, sobo ndi juwisi wa m'mapaketi zili m'gulu lomwelo, ngakhale pa paketi atajambulapo zipatso. Uchi ndi shuga wabulauni ndi shuga basi. Ngati mumathira masipuni atatu mu tiyi, chotsani theka la sipuni mlungu uliwonse, lilime limazolowera. Mandasi, zitumbuwa ndi tchipisi zimaphatikiza ufa kapena mbatatesi ndi mafuta ambiri, choncho zikhale za apo ndi apo.

Zipatso idyani, koma chimodzi pa nthawi imodzi: gwafa, lalanje, kachidutswa ka papaya, nthochi yaing'ono imodzi. Nyengo ya mango ndi imene manambala a anthu ambiri amasokonekera, chifukwa palibe amene amawerenga mango akakhala pansi pa mtengo. Limodzi laling'ono likwanira. Chimanga chachiwisi chowiritsa kapena chootcha muchiwerenge ngati nsima ya tsikulo, osati chongotafuna podikira nkhomaliro. Nzimbe ndi madzi a shuga enieni.

Njira yothetsera mkangano uliwonse wa chakudya ndi makina. Yezani musanadye, idyani, yezaninso patatha maola awiri. Mukatero kangapo ndi zakudya zosiyanasiyana mudzadziwa mtanda umene thupi lanu limakwanitsa.

Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni imodzi ya tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo ndi wa mu nsomba zouma. Onenepa akachepetsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a thupi lawo, shuga ndi BP zimatsika moonekeratu. Munthu wa makilogalamu 80 ayambe ndi 4 basi. Yendani ndawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, ndipo kuyenda mphindi 10 kapena 15 mukangomaliza kudya kumathandiza kwambiri. Fodya ndiye asiyidwe kotheratu, chifukwa amatseka mitsempha yomweyo imene shuga akuwononga.

Mapilitsi

Ambiri a mtundu wachiwiri amayamba ndi metformin. Amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri ndipo amathandiza thupi kumvera insulini. Kawirikawiri amayambira pa 500 mg kamodzi pa tsiku n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, mwina mpaka 1,000 mg kawiri pa tsiku. Vuto lake ndi nseru, kutupa m'mimba ndi kutsegula m'mimba m'milungu yoyamba, ndipo ambiri amasiyira pamenepa. Imwani pamene mukudya kapena mukangomaliza, osati m'mimba mopanda kanthu, ndipo nthawi zambiri vutoli limatha lokha. Payekha metformin satsitsa shuga mpaka kukomola munthu. Impso zikafooka kwambiri saloledwa, n'chifukwa chake magazi a impso ayenera kuyezedwa. Akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12.

Ngati mumamwa ma ARV, nenani ku kiliniki ya shuga, ndipo ku ART nenaninso za shuga. Dolutegravir, amene ali mu ma ARV omwe anthu ambiri ku Malawi akumwa masiku ano, amachititsa kuti metformin achuluke m'magazi, choncho madokotala kawirikawiri sapitirira 1,000 mg pa tsiku. A TB nawonso anene, chifukwa rifampicin amafooketsa mapilitsi ena a shuga. Ndipo popeza shuga amachulukitsa chiopsezo cha TB kawiri kapena katatu, chifuwa chosatha musachilekerere.

Glibenclamide ndi gliclazide amagwira ntchito mwina: amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya mwadya kaya simunadye. Pamenepa ndi pamene pali ngozi. Mukamwa glibenclamide m'mawa n'kupita kumunda kapena kumaliro osadya, shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka. Lamulo lake ndi lakuti piritsi limayendera limodzi ndi chakudya. WHO imalangiza kuti anthu opitirira zaka 60 asapatsidwe glibenclamide ngati gliclazide alipo, chifukwa amakhalitsa m'thupi. Kwa alimi, mulingo umene unali wabwino mu Julayi ukhoza kukhala waukulu mu Disembala ndi Januwale, pamene ntchito ya khasu yachuluka koma chakudya pakhomo chachepa. Uzani a dokotala nyengo ikasintha. Chimodzimodzi musanayambe kusala kudya, kaya kwa Ramadan kaya kwa kutchalitchi: pitani kuchipatala milungu ingapo nthawiyo isanafike kuti akonze mulingo ndi nthawi yomwera.

Mukaiwala kumwa, musamwe awiri kuti mubwezere. Shuga akatsika bwino musasiye mankhwala, chifukwa watsika kaamba ka mankhwalawo. Alipo ena amene atachepetsa thupi kwambiri matenda asanakhalitse amasiyitsidwa mapilitsi, koma amasiyitsidwa ndi dokotala ndipo amapitiriza kuyezetsa. Pa za chammwamba, nimu ndi zitsamba za m'mabotolo zogulitsidwa m'misika, palibe chimene chatsimikizidwa kuti chingalowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Masamba a chammwamba ngati ndiwo alibe vuto. Choopsa ndi kutaya mapilitsi chifukwa cholonjezedwa kuchiriratu, komanso kumwa zosadziwika mulingo wake pamene impso ndi zofooka kale.

Insulini

Kuuzidwa kuti muyambe jakisoni sikutanthauza kuti mwatsala pang'ono kufa, kapena kuti mwalephera. Kapamba amafooka zaka zikamapita, ndipo mapilitsi amafika posakwanira. Amene amazengereza kwa zaka chifukwa choopa singano ndi amene amadzataya maso.

Insulini yogwira msanga, monga Actrapid, ndi yoyera ngati madzi ndipo imabayidwa mphindi 30 musanadye. Mukabaya, chakudya chikhale chili pafupi kupsa, osati nkhuni zikadali kutchire. Yooneka ngati mkaka, monga Protaphane kapena Insulatard, imagwira pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Mixtard ndi yosakaniza ziwirizi. Yamkakayo muzigubuduza botolo pakati pa zikhato maulendo 10 kapena kuposerapo mpaka isakanikirane, osakhutchumula. Mukapanda kutero, lero mubaya yofooka, kumapeto kwa botolo mudzabaya yamphamvu kwambiri. Onetsetsani kuti botolo ndi sirinji zonse zalembedwa U-100, kutanthauza mayunitsi 100 a insulini pa mililita imodzi.

Sambani m'manja. Kokani mpweya mu sirinji wofanana ndi mayunitsi amene mukufuna, ulowetseni m'botolo, tembenuzani botolo, kokani insulini, gogodani sirinji kuti thovu likwere n'kulitulutsa. Ngati mwauzidwa kusakaniza mitundu iwiri mu sirinji imodzi, yambani kukoka yoyera, yamkaka pambuyo. Tsinani khungu la pamimba, kutalikirana ndi mchombo masentimita 5, kapena kutsogolo ndi kunja kwa ntchafu. Lowetsani singano moongoka, kankhani mpaka kumapeto, werengani mpaka 10 musanazule, ndipo musatikite. Sinthasinthani malo. Pamene pabayidwa kawirikawiri pamatupa kachotupa kolimba kosapweteka, ndipo anthu amakakonda chifukwa chosapwetekacho, koma insulini yobayidwa pamenepo imalowa mosadalirika: lero shuga wakwera, mawa watsikitsitsa, mulingo uli womwewo.

Mabotolo osatsegula asungidwe mu filiji pa madigiri 2 mpaka 8, kutali ndi mbali youmitsa. Insulini ikaundana yatha ntchito ngakhale itasungunuka. Botolo limene mukugwiritsa ntchito limatha kukhala kunja kwa filiji pafupifupi milungu inayi ngati malowo ndi ozizira. Lembani pa botolo tsiku limene mwatsegula. Kumene kulibe magetsi, ikani kamtsuko kakang'ono mkati mwa mtsuko waukulu, pakati pake thirani mchenga ndipo muziunyowetsa tsiku lililonse. Insulini ikhale m'kachitini kotseka bwino mkati mwa kamtsukoko, pamwamba vundikirani nsalu yonyowa, ndipo mtsukowo ukhale pamthunzi podutsa mphepo. M'madera otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, njira imeneyi ndi yofunika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Insulini yoyera ikachita mbuu, kapena yamkaka ikachita timibulu tosasungunuka, isagwiritsidwenso ntchito.

Shuga akatsika

Shuga wokwera amawononga m'zaka, koma wotsika amatha kupha m'maola ochepa. Pansi pa 3.9 mmol/L kapena 70 mg/dL ndi potsika. Munthu amatuluka thukuta lozizira, amanjenjemera, mtima umagunda mofulumira, njala imamugwira mwadzidzidzi, amachita chizungulire, kenako amalusa kapena kulankhula zosamveka ngati waledzera. Ngati makina palibe, musadikire: chitani ngati shuga watsika.

Mupatseni masipuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya chakumwa chotsekemera, kapena sipuni yaikulu imodzi ya uchi. Dikirani mphindi 15, yezaninso, ndipo bwerezani ngati sizinasinthe. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni monga nsima, mbatata kapena buledi. Ngati wakomoka, musamuthire chakumwa m'kamwa chifukwa chingalowe m'mapapo. Mugonekeni chammbali, pakani shuga kapena uchi pang'ono mkati mwa tsaya ndi m'nkhama, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Amene amamwa glibenclamide apite kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, chifukwa shuga amatha kutsikanso patapita maola.

Mowa, makamaka kachasu womwedwa m'mimba mopanda kanthu, umaletsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa, choncho shuga wa womwayo amatsika, ndipo anzake amangoti waledzera n'kumusiya agone. M'thumba muzikhala masuwiti kapena kapepala ka shuga nthawi zonse, ndi kakhadi kolemba kuti muli ndi matenda a shuga ndi mankhwala amene mumamwa. A pabanja, a kuntchito ndi aphunzitsi a mwana adziwe zizindikirozi.

Mukadwala matenda ena

Malungo, chibayo, chithupsa kapena matenda a mumkodzo amakweza shuga ngakhale munthu asakudya. Choncho wa insulini asasiye kubaya chifukwa chakuti alibe chilakolako cha chakudya. Ayeze maola atatu kapena anayi aliwonse, amwe madzi ambiri, adye phala pang'onopang'ono, ndipo afunse kuchipatala za mulingo. Metformin ndiye amayamba waimitsidwa munthu akamasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri, mpaka madzi abwerere m'thupi. Quinine amatsitsa shuga, choncho nenani za matenda anu musanalandire mankhwala a malungo. Kusanza kosalekeza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wa m'kamwa womveka fungo la zipatso ndi kusinza kosadzutsika ndi zizindikiro zakuti magazi achita asidi chifukwa chosowa insulini. Izi sizidikira kuti kuche.

Mapazi

Shuga amapha mitsempha yomvera, kuyambira ku zala za kumapazi. Poyamba kumakhala kutentha kapena kubayabaya usiku, kenako dzanzi. Phazi la dzanzi limaponda munga, msomali kapena khala la moto osamva. Magazi safikako okwanira, bala silipola, limalowa mpaka pa fupa, ndipo mapeto ake ndi kudula mwendo. Miyendo yambiri imene imadulidwa inayamba ndi kabala kochepa kamene kanakhala milungu kasanaonedwe.

Madzulo aliwonse yang'anani phazi lonse: pamwamba, pansi, chidendene ndi pakati pa zala. Gwiritsani ntchito kalilole kapena pemphani wina ngati maso kapena msana sizikulola. Madzi osamba muwayese ndi chigongono, osati phazi. Pukutani bwino pakati pa zala. Pakani Vaseline pa zidendene kuti zisang'ambike, koma osati pakati pa zala pomwe chinyezi chimaoletsa khungu. Zikhadabo muwenge mowongoka mukangosamba, osakumba m'makona. Lezala isayandikire phazi, kaya pofuna kupala khungu lolimba, kuchotsa matekenya kapena kutema mphini. M'nyengo yozizira valani masokosi. Musayandikize mapazi ku mbaula kapena pamoto, chifukwa mudzapsa osamva. Osayenda opanda nsapato, ngakhale pabwalo pakhomo. Musanavale nsapato, pisani dzanja mkati kuti muone ngati muli kamwala kapena msomali wotulukira. Nsapato zatsopano mugule masana mapazi atatupako, ndipo masiku oyamba muzivala ola limodzi kapena awiri n'kuona ngati zasiya chizindikiro.

Mukapeza bala, tsukani ndi madzi oyera owiritsa amene azizira, othira mchere pang'ono, phimbani ndi nsalu yoyera, lekani kuliponda, ndipo pitani kuchipatala mkati mwa tsiku limodzi ngakhale lisakupweteka. Kusapwetekako ndiye chizindikiro choipa. Phazi likatupa, likatentha, likatuluka mafinya kapena fungo, kapena chala chikayamba kuda, pitani nthawi yomweyo.

Maso, impso ndi mtima

Izi zimafuna kuyezetsa ngakhale palibe chimene mukumva. Maso aonedwe mkati, atathiridwa mankhwala okulitsa kamwana ka diso, mukangopezeka ndi mtundu wachiwiri, kenako chaka chilichonse kapena mmene akuuzireni. Kuyezetsa magalasi kokha sikukwanira. Zipatala za maso za Lions ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe zimaona mavuto amenewa, ndipo chipatala cha boma lanu chingakutumizeni. Mkodzo ndi magazi a impso ziyezedwe kamodzi pa chaka. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amapweteka impso akamwedwa kawirikawiri. BP iyezedwe ulendo uliwonse, ndipo kwa wodwala shuga cholinga ndi kukhala pansi pa 130/80. Enalapril amatsitsa BP komanso amateteza impso, koma ndi woletsedwa kwa woyembekezera. Ambiri opitirira zaka 40 amapatsidwanso mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi monga atorvastatin kapena simvastatin, kuti apewe sitiroko ndi matenda a mtima. Abambo amene mphamvu za m'banja zachepa anene momasuka kwa dokotala, chifukwa nthawi zambiri gwero lake ndi mitsempha yomweyi ndipo thandizo lilipo.

Mayi wa shuga amene akufuna kutenga pakati ayambe wakhazikitsa manambala ake ndi kuonetsa mankhwala onse kwa dokotala, chifukwa ziwalo za mwana zimaumbika m'milungu yoyambirira, nthawi zambiri mayi asanadziwe n'komwe kuti waima.

Pa tsiku la kiliniki tengani buku lanu la kuchipatala, kope la manambala, ndi mapaketi a mankhwala onse, ngakhale a matenda ena ndi azitsamba omwe. Ngati mukayezedwa musanadye, nyamulani chakudya ndipo mankhwala a m'mawa mukamwe kapena kubaya mutayezedwa, pamodzi ndi chakudyacho, kuti shuga asakutsikireni muli pamzere. Pitani mankhwala akadali a mlungu umodzi, kuti ngati mtundu wina wasowa mukhale ndi nthawi yofunafuna kwina. Mukalowa m'chipinda cha dokotala, vulani nsapato ndi masokosi musanauzidwe.